A Pensulo Ogogoda Denga

A Pensulo Chikaipa ankadyera makutu. Anzawo pamgodi wa nikelo ku Bindura ankagwira ntchito ndi mapewa ndi misana, koma iwo yawo inali yomvetsera. Miyala ikaphulitsidwa pansi, utsi n'kutha, woyamba kulowa kumalo ophulitsidwawo ankakhala iwo, nyali ili pachipewa, m'manja muli mgwala, chitsulo chachitali chosongoka kunsonga. Ankagogoda denga la mwala pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Mwala wolimba umalira kuti ngwee, mawu oyera bwino. Womasuka umayankha mogonthera ngati dzungu lowola, ndipo woterowo ankautokosa mpaka ugwe. Akatsiriza ankatembenuka n'kunena mawu awiri okha, "Kuli bwino." Pamenepo amuna khumi ndi awiri, onse a mabanja awo, ankalowa ndi makina obowolera osayang'ananso kumwamba.

Kwawo kunali ku Dedza, cha ku Linthipe. Anachokako mu 1957 ndi bulangete limodzi, nayamba kuthyola fodya pafamu ina ku Matepatepa. Dzina la Pensulo anapatsidwa komweko chifukwa anali wamtali, wowonda. Pofika zaka zimene tikunenazi mimba inali itatuluka kale, koma dzina linakana kuchoka. Kufamu komweko anakwatira a Zelesi, mwana wa banja lochokera ku Mozambique. Kenaka analowa mgodi wa golide ku Shamva, ndipo mu 1971 anafika ku Bindura, n'kupatsidwa nyumba ya zipinda zitatu pakomboni.

Kutchalitchi sanali munthu wakutsogolo. Ankakhala benchi yachitatu kuchokera kumbuyo, n'kumaimba mokweza kuposa mmene mawu awo ankayenerera. Tsiku lina mkulu wa mpingo anawapempha kuti atseke ndi pemphero. Anaimirira, nati "Atate athu akumwamba," natuluka thukuta, nakhosomola, kenaka "Amen." Sanawapemphenso, ndipo iwo anathokoza.

Amene akanati bambowa sadziwa kupemphera akanalakwa kwambiri. Kungoti pemphero lawo silinkadziwa kuima pagulu. Linali la panjira.

Linayamba mu 1964, mwana wawo woyamba, Petulo, atamwalira ndi chikuku kufamu kuja. Kwathu munthu akathedwa nzeru amapita kwa amalume ake, n'kukhala pakhonde, n'kukhuthula zonse. A Pensulo amalume awo anali kutsidya kwa Zambezi, ndipo kalata inkayenda mwezi wathunthu. M'mawa wotsatira maliro, akupita kuchigafa cha fodya, anangopezeka atanena mokweza kuti, "Ambuye, ndiye mwachita chiyani?" Anachita mantha ndi pakamwa pawo pomwe. Anaima kudikira chimene chingawagwere, koma sichinagwe chilichonse. Anangomva mumtima kuti funsolo lafika kwa mwini wake, ndipo mwini wakeyo sanakwiye. Mawa lake analankhulanso, mkuja chimodzimodzi, mpaka chinakhala chizolowezi ngati kusamba m'maso.

Ku Bindura, kuchoka pakhomo kukafika pageti la mgodi unali ulendo wa mphindi makumi awiri, ndipo pakati penipeni pankadutsa njanji. A Pensulo anaugawa ulendowo pawiri. Kuchokera pakhomo mpaka panjanji ankalankhula iwo. Ankayamba ndi moni: "Ambuye, ine ndadzuka. Inu sindikufunsani, simugona n'komwe." Kenaka nkhani zinkabwera mmene zabwerera. Bondo la a Zelesi latupanso. Nkhuku yamawanga yasiya mazira. Rozina, mwana wawo wotsiriza, walemba kalata kuchokera kukoleji ya uphunzitsi, ndipo kalatayo theka ndi Chishona, theka Chingerezi, Chichewa changokhala cha moni. Akadutsa njanji ankatseka pakamwa mpaka pageti. Imeneyo inali nthawi ya Mnzawoyo.

Mulungu sanawalankhulepo ndi mawu omveka m'khutu, ndipo anthu amene amati amalankhulidwa tsiku ndi tsiku a Pensulo ankawayang'ana cham'mbali. Chimene chinkachitika n'chakuti mtima unkakhazikika, kapena unkakana kukhazikika. Tsiku lina ananenera mnansi wawo kwa Mulungu njira yonse chifukwa cha mkangano wa tambala, nkhani ataikonza bwino kuti iwo awoneke oyera. Pofika pageti anali atadziwa kuti wolakwa ndi iwo. Madzulo anakapepesa, koma njira yonse akung'ung'udza kuti, "Inuyo simuikira kumbuyo ngakhale munthu wanu." Umu ndi mmene ankakhalira awiriwa, ndipo a Pensulo anali munthu wokhutira. Ankaseka msanga, ankadya bwino, ndipo tulo sankasaka.

Vuto linabwera ndi mvula ya 1990, ndipo linabwera mwaulemu. Khutu lakumanzere linangoyamba kulira ngati muli nyenje. Posakhalitsa anthu onse pakomboni anayamba kulankhula monong'ona, wailesi nayo n'kufooka mawu. A Pensulo anadzudzula mabatire. Anadzudzula achinyamata osatsegula pakamwa polankhula. Anadzudzula ngakhale abusa kuti ukalamba wawadyera mawu. Koma zaka zoposa makumi awiri pafupi ndi makina obowolera miyala sizipita chimanjamanja, ndipo pansi pamtima ankadziwa kumene kuli vuto. Anaphunzira kuyang'ana milomo ya wolankhula, kugwedeza mutu panthawi yake, ndi kuseka ena akaseka.

Pansi pamgodi manja ndi maso zinkawathandiza. Mwala womasuka umanjenjemeretsa mgwala mwamtundu wina, ndipo ming'alu ankaiona pomwe ena sakuona kanthu. Koma iwo ankadziwa kuposa wina aliyense kuti ulipo mwala wina wosalala, wopanda mng'alu, wosagwedeza chitsulo, umene umadziulula ndi kalilidwe kokha.

N'chifukwa chiyani sananene? Musafulumire kuwaweruza. Nyumba ya pakomboni inali ya mgodi, ndipo munthu akalembedwa ndi achipatala kuti sangagwirenso ntchito pansi ankapatsidwa miyezi itatu kuti asamuke. Mnzawo wa Chishona zikatero ankakweza katundu pabasi n'kupita kumudzi kwawo, kumene munda ukumudikira. A Pensulo akanapita kuti? Ku Dedza amene ankawadziwa anali kumanda, ndipo kuno chitupa chawo chinkawatchula mlendo. Zinali zitatsala zaka zitatu kuti apume pantchito mwadongosolo, Rozina atamaliza sukulu n'kupeza pokhala. Ankadziuza kuti zaka zitatu si zambiri.

Nkhani imeneyi yokha Mnzawo wakumwamba uja sanamuuze. Munthu amene ankanena ngakhale za nkhuku yosiya mazira anatha chaka chathunthu osatchula makutu. Kuti nkhaniyo isapeze mpata, anayamba kulongolola ngati wogulitsa mankhwala a makoswe pamalo okwerera basi. Ankafika panjanji pakamwa pakadali potentha, n'kudutsa, n'kupitiriza mpaka pageti. Anapempherera mvula, boma, timu ya mpira ya pamgodi, odwala onse a m'chipatala mmodzimmodzi. Wowamva akanati bambowa akula m'chikhulupiriro. Zoona zake ankaopa kukhala chete, ndipo ankafika pageti atatopa ngati atuluka kale shifiti.

Lachisanu lina la mwezi wa Novembala mu 1991, analowa kumalo atsopano ophulitsidwa, nagogoda denga monga mwa masiku onse. Pakona yakumanja panali mwala waukulu, wosalala ngati tebulo. Anaugogoda kamodzi, kawiri, kasanu. M'manja sunanene kanthu, ndipo m'khutu munali nyenje yokhayokha. Kumbuyo anthu ankadikira, nyali zawo zikuwalira pamsana pawo.

"Achimwene, kumwambako kuli bwanji?" Anafunsa mokweza anali Cephas, wobowola miyala wa ku Masembura, bambo wa ana asanu, amene Chichewa chake anachitola pamgodi pomwepo.

"Kuli bwino," anatero a Pensulo.

Cephas anakokera makina ake pansi penipeni pa mwala uja, nayamba kubowola akuimba mluzu umene a Pensulo ankangouona pamilomo. Nthawi yopuma anakhala pomwepo, natulutsa mbatata zowotcha zimene akazi ake anamutumizira kuchokera kumudzi, nanyema imodzi n'kuwapatsa. "Idyai, mudhara, mwayamba kuwonda," anatero, akuwatchula madala m'Chishona. A Pensulo anailandira ndi manja awiri. Maso awo anali kudenga shifiti yonse.

Mwalawo sunagwe. Mwina unali wolimba ndithu, ndani akudziwa. Onse anatuluka bwinobwino, akuseka m'chikepe. Koma a Pensulo anadziwa kuti anena "kuli bwino" asakudziwa, ndipo munthu wawakhulupirira mpaka kudyera mbatata pamenepo.

Loweruka m'mawa anatuluka pakhomo, natsegula pakamwa kuti apereke moni uja, koma sunatuluke. Anayenda chete kudutsa mipopi yamadzi, kudutsa holo ya mowa. Atafika panjanji miyendo inaima yokha. Anthu a shifiti yawo ankawadutsa, iwo atangoti chilili, chipewa chili m'manja.

"Ambuye," anatero, "ine sindikumva."

Manyazi anawagwira ngati mwana wopezeka ndi shuga pakamwa.

"Vutoli layamba kale. Ndimakubisirani, ngati kuti pali chimene mungabisiridwe. Dzulo ndinanama, ndipo Cephas anakhala pansi pa bodza langa tsiku lonse." Anapuma, kenaka anayesa mwayi wawo, pakuti munthu ndi munthu. "Koma taonani, zatsala zaka ziwiri zokha tsopano. Bwanji Inu muzigwira dengalo, ine ndizingogogoda? Kwa Inu n'chiyani kugwira mwala?"

Anadutsa njanji, natseka pakamwa kuti amvetsere, koyamba pachaka chonsecho. Mtima sunakhazikike ngakhale pang'ono. Asanayende mitengo ya magetsi itatu anaona bwinobwino chimene anapempha: kuti Mulungu azilowa shifiti m'malo mwawo, iwo n'kumagona m'nyumba ya mgodi. Anaseka okha, misozi ili m'maso. Chodabwitsa n'chakuti pamodzi ndi manthawo anamva kupepukidwa kumene anali atakuiwala, ngati munthu wovula majombo othina.

Pageti sanapite kukatenga nyali. Analunjika kwa a Morgan, kapitawo wa shifiti yawo, munthu wamfupi wa ndevu zotuwa, mwana wa Mmalawi wobadwira ku Shamva. Anawauza zonse ataimirira. A Morgan anakanda m'mutu, natuma munthu wina kuti akagogode denga tsikulo, kenaka anawakokera a Pensulo kuseri kwa ofesi n'kuwalankhula pafupi ndi khutu lakumanja.

"Madala, Lolemba mupite kuchipatala akakuyeseni. Akakuvekani zomvera m'makutu, n'kukuuzani kuti mukamva kulira muzikweza dzanja. Tsono nesi amakhala cham'mbali, ndipo akamadina makinawo chigongono chake chimasuntha. Madala onse a pamgodi pano amapambana choncho. Pepala likanena kuti mukumva, ine ndine ndani kuti nditsutse? Sindikufuna kukuonani mukusowa pogona."

A Morgan sanali munthu woipa. Ankawakonda a Pensulo, ndipo chifundo chawocho ndicho chinapangitsa nkhaniyi kulemera.

Cephas anali pamzere wodikira chikepe. A Pensulo anamuitanira pambali, namuuza za mwala wa dzulo lake. Cephas anawayang'ana, mluzu utathawa. "Ndili ndi ana asanu, mudhara," anatero, nalowa m'chikepe. Anatha miyezi yambiri osawapatsa moni, ndipo a Pensulo sanamuone wolakwa.

Anabwerera kunyumba dzuwa likadali m'mawa, napeza a Zelesi akuchapa pakhonde. Anakhala pampando, nazungulira uku ndi uku, kenaka anaulula ngati akulengeza maliro.

A Zelesi sanasiye n'kuchapa komwe. "Bambo a Rozina, mukuyesa ndine mwana? Chaka chonse chino ndimakuitanani katatu kuti mudzadye. Wailesi yanu amaimvera anthu a nyumba za mzere wachitatu."

"Ndiye osandiuza?"

"Mukanamva?" Anafinya malaya, nawaponya mubeseni. "Ndinauza Ambuye. Tsiku lililonse pochapa pano ndimawauza kuti bambo aja agontha, ndipo akuuma mutu, chitani nawoni."

Apa a Pensulo anakhumudwa ndithu. Chaka chonse ankayesa kuti akusunga chinsinsi, chonsecho nkhani yawo inkakambidwa pakhonde pawo pomwe, iwo ali kuntchito. Ndiponso zaka zonsezi sanaganizepo kuti a Zelesi nawo ali ndi macheza awoawo ndi Mnzawo yemweyo. Kanawagwira kansanje pang'ono, ndipo sanakabise.

Kenaka anafotokoza za chigongono cha nesi. A Zelesi anapukuta manja pachitenje, nayang'ana nyumbayo, zitseko zimene anazipaka okha utoto wobiriwira, simenti imene anaikolopa zaka makumi awiri mpaka kuwala.

"Nyumba ino ndimaikonda," anatero. "Ndikanama ndikati sindikuopa. Sindikuuzani chochita. Amene amalowa pansi ndinu, ndipo amene mukayang'anizane ndi akazi a Cephas zikadzavuta ndinu."

Lamulungu anapita kutchalitchi, nakhala pabenchi yawo, naimba mokweza. Lolemba m'mawa anavala jekete, nayamba ulendo wa kuchipatala cha mgodi. Tisawakometsere, anali asanatsimikize. Njira yonse ankawerengera Mulungu zifukwa: bondo la a Zelesi, sukulu ya Rozina, chilala chimene aliyense ankachiona kuti chikubwera. Anafika pakhomo la chipatala mtima uli pawiri.

Chipinda choyesera makutu chinali chaching'ono, cha mpando umodzi ndi tebulo. Nesi anali mtsikana wa msinkhu wa Rozina. Anawaveka zomvera zija, nawafotokozera ndi manja zoti achite, nakhala cham'mbali pamakina ake. Zinali monga ananenera a Morgan. Chigongono chinali poyera, pakona ya diso lawo, ndipo ngakhale mwana akanatha kuchitsatira. Chinasuntha koyamba. A Pensulo sanamve kanthu, koma dzanja lawo linanyamuka lokha pabondo, kutsala pang'ono kukwera.

"Ambuye," anatero chamumtima, "maso angawa ndi akuba. Ndikuwatseka."

Anatsinzina.

Mumdimamo munali nyenje ija basi. Kenaka kutali kwambiri kunalira kanthu kakang'ono, nakweza dzanja. Panapita nthawi, kanaliranso, nakwezanso. Zitatero kunangoti zii. Ankadziwa kuti makinawo akulira, ndipo kulira kulikonse kumene sakukumva kukuchotsa njerwa imodzi panyumba yawo. Dzanja analisiya pabondo. Mantha analipo, koma sanali okha m'chipindamo, ndipo anayamba kumuuza Mnzawoyo zimene anasunga chaka chonse: mmene amasowera kulira kwa mvula pamalata, mmene zimawawira kuseka nthabwala imene sunaimve, mmene ankaikondera ntchito yawo. Mtima unakhazikika mpaka pansi.

Anadzidzimuka nesi atawagwira paphewa. Anali atawavula kale zomvera zija.

"Sekuru, munagona?" anafunsa mokuwa, akuwatchula agogo m'Chishona.

"Ayi, mwanangu. Ndimacheza."

Nesi anayang'ana m'chipinda monse, nawayang'ananso iwo, kenaka anawerama n'kulemba. Analemba nthawi yaitali, ndipo powapatsa pepalalo sanafune kuwayang'ana m'maso. A Pensulo ndiwo anamutonthoza kuti wagwira ntchito yake bwino.

Miyezi itatu inaperekedwa monga mwa lamulo. Pambuyo pake anakakhala m'zipinda ziwiri zakuseri kwa nyumba ya munthu wa mpingo wawo ku Chipadze, kumene a Pensulo anatha zaka zawo akusesa tchalitchi ndi kukhoma mabenchi ogwedera, milomo ikuyenda yokha. Koma masana a Lolemba limenelo zonsezi zinali zisanadziwike. Anafika pakhomo, napeza a Zelesi atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, osagwira kanthu, zimene sizinkachitika.

"Mwakweza dzanja kangati?" anafunsa a Zelesi.

"Kawiri."

"Mwa kangati?"

"Kaya. Ndinatsinzina."

A Zelesi anawayang'ana, nagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anamina m'mphepete mwa chitenje, nadzuka mogwira bondo, natenga beseni n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. A Pensulo anawatsatira. Kumeneko kunali kabedi ka mbande za repu zimene zinali zitangomera masamba anayi, ndipo mayiwo anagwada n'kuyamba kuzizula imodziimodzi ndi dothi lake, kuti mizu isaduke.

"Mayi a Rozina, yatsala miyezi itatu. Ndiponso mukaoka kuti zimenezi?"

A Zelesi anayankha ali chowerama, nkhope ili kudothi. A Pensulo anaona msana wokha ukugwedezeka, ndipo sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Sanafunsenso.

"Ambuye, Inu mwamva," anatero chapansipansi. Anavula jekete, nagwada pambali pa akazi awo, n'kugwira beseni.